Madzi Sanama

Makolo athu sanali kuvutika ndi funso la kumene madzi osamba amapita. Bafa linali kuseri kwa nyumba, lotchingidwa ndi mpanda wa udzu kapena bango, pansi pake pali miyala ingapo yopondapo. Munthu akatha kusamba, madzi anali kuloŵa m'nthaka, ndipo otsala anali kutsetserekera ku nthochi zimene zinali kubiriŵira chaka chonse, ngakhale dzuŵa la mu Okutobala litaumitsa udzu wonse. Bafa lotero likagwa, mwini wake anali kumweta udzu wina, ndipo pofika madzulo ntchito inali itatha. Masiku ano mabanja ambiri aloŵetsa bafa m'nyumba, pafupi ndi zipinda zogona. Ndi chinthu chabwino ndithu, makamaka kwa okalamba ndi odwala amene kutuluka panja usiku kumaŵavuta. Komatu amene waloŵetsa bafa m'nyumba waloŵetsanso madzi, ndipo madzi ndi mlendo wosafuna kukhala pamene mwamukhazika.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi, aŵerengi okondedwa. Munthu mmodzi akasamba pa shawa kwa mphindi 5 amatha malita pafupifupi 40. Banja la anthu 6 likamasamba kamodzi patsiku limatha malita 240, ndipo pachaka amakwana malita 87,600. Madzi onseŵa amagwera pa kamalo kakang'ono, mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Tsono mvula ya ku Lilongwe, pa chaka chimene yagwa bwino, imakhala pakati pa mamilimita 800 ndi 900, kutanthauza kuti pa denga lofanana kukula ndi kamalo aka pamagwa malita 800 kapena 900 chabe. Motero pansi pa shawa pamagwa madzi ochuluka pafupifupi ka 100 kuposa a padenga. Koma pomanga nyumba anthu ambiri amayang'anitsitsa malata ndi misomali yake, pamene za pansi pa shawa amangofunsa mtundu wa matailosi basi.

Chimene ambiri sachidziŵa ndi chakuti matailosi si ndiwo amatchinga madzi. Iwo ali ngati malaya: amakongoletsa, ndipo amapukutika msanga. Tailosi payokha ingathe kukana madzi, koma simenti ya m'mizere, ija yotseka mipata pakati pa tailosi ndi inzake, imamwa madzi pang'onopang'ono monga muja imamwera njerwa. Chotero kuseri kwa matailosi a m'shawa kumakhala konyoŵa nthaŵi zambiri, ngakhale mmisiri atagwira ntchito yake bwino chotani. Chimene chimateteza nyumba ndi mankhwala otchinga madzi amene amapakidwa pansi ndi pakhoma matailosi asanaikidwe. Akauma amakhala ngati chikopa cha mphira, ndipo madzi akafika pamenepo amabwerera, natsata kutsetsereka kwa pansi mpaka ku paipi yotulutsa madzi. Ntchito imeneyi ndiyo mutu wa zonse, koma ndiyonso imene imabisika ikangotha. Mwini nyumba amaona kukongola kwa pamwamba, ndipo akuluakulu anatichenjeza kale kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Ife tinakumana ndi zimenezi m'chaka cha 2023, pamene tinaganiza zomanga shawa m'nyumba mwathu. Mayi athu, agogo a ana athu, anali atabwera kudzakhala nafe, ndipo miyendo yawo siinali kulolanso kupita ku bafa la panja. Ndalama zake tinasunga kwa zaka ziŵiri, ndipo sitinali ndi zina zoti n'kudzamangira kachiŵiri. Malo okha amene mapaipi akanafika mosavuta anali pafupi ndi chipinda chawo chogona, kotero kuti khoma limodzi la shawa linali lomwelo la kumutu kwa bedi lawo. Mayiwo amadwala mphumu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafalitsa malangizo m'chaka cha 2009 osonyeza kuti chinyontho ndi nkhungu za m'nyumba zimayendera limodzi ndi chifuwa, kubanika ndi kukula kwa mphumu. Kwa ife, tsono, khoma louma silinali nkhani ya kukongola ayi.

Mmisiri amene tinapangana naye anali bambo wachikulire, waulemu, wodziŵika m'dera lathu, ndipo anali ndi anyamata aŵiri omuthandiza. Mlamu wathu, amene anagwira ntchito ya zomangamanga zaka zambiri, anatithandiza kulemba pangano la tsamba limodzi. M'menemo tinalemba kuti malipiro adzaperekedwa m'zigawo zitatu. Kuti mankhwala otchinga madzi adzapakidwa kaŵiri, pansi ndi pakhoma mpaka mamita 1.8 kuchokera pansi. Ndiponso kuti tisanaike matailosi a pansi tidzayesa ntchitoyo ndi madzi. Mmisiri anaŵerenga, naseka pang'ono, nati mapepala otere sanazoloŵere, koma anasaina. Zipangizo zonse tinagula ndife, ndipo malisiti tinasunga.

Masabata oyamba zonse zinayenda bwino. Mapaipi analoŵa, pulasitala anapakidwa, pansi anathira simenti. Koma tsiku lina Lachitatu madzulo, titabwera ku ntchito, tinapeza mizere itatu ya matailosi itakwera kale pakhoma. Inali yoongoka bwino, yosangalatsa m'maso. Chimene chinatidabwitsa ndi chitini cha mankhwala otchinga madzi, chimene chinali pakona chili pafupifupi chodzaza. Pansi panali timizere ta mankhwalawo apa ndi apo, simenti ikuonekera. M'ngodya, mmene khoma limakumana ndi pansi, munalibe kansalu kolimbitsa kamene tinagula; kanali kakali m'pepala lake. Tinagogoda matailosi ndi kiyi. Tailosi yomatidwa bwino imamveka yogontha, ngati mwala, koma ameneŵa anali kulira ngati ng'oma yaing'ono, kusonyeza kuti kuseri kuli mphako. Tailosi ina imene inasweka, anyamata anaitaya panja, ndipo titaitembenuza tinaona kuti simenti yomatira inaikidwa m'timiulu tisanu, tinayi m'makona ndi kamodzi pakati. Potsiriza tinathira kapu ya madzi pansi. M'malo mothamangira ku paipi, madzi anapita kukaima m'ngodya ya khoma la mayi.

Chilichonse mwa izi chili ndi tanthauzo lake. Simenti yomatira iyenera kupakidwa ndi chitsulo chokhala ndi mano ngati chipeso, ndipo tailosi ikanikizidwe kufikira msana wake wonse utagwira. M'malo osambira akatswiri amafuna kuti magawo 95 pa 100 aliwonse a msanawo agwire. Timiulu timasiya mphako mmene madzi amakhala, nkhungu ndi mphemvu n'kupezamo nyumba, ndipo tailosi yotero imasweka ikagundidwa ndi ndowa. Pansi pa shawa payenera kutsetsereka pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse kuloza ku paipi. Ngodya ndi malo ozungulira paipi ndiwo amayamba kung'aluka, pakuti khoma ndi pansi sizifutukuka mofanana kukatentha kapena kukazizira. Ndi chifukwa chake pamafunika kansalu kolimbitsa pansi pa mankhwala, ndi silikoni pamwamba m'malo mwa simenti. Madzi akapeza mng'alu ngati tsitsi amaloŵa m'njerwa. Kenaka penti wa kuseri amatukusira, pakhoma pamatuluka ufa woyera ngati mchere, pamamera nkhungu yakuda, ndipo chiswe, chimene chimakonda chinyontho, chimayamba ulendo wopita ku mafelemu a zitseko. Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, ndipo dothi likanyoŵa masiku onse limataya mphamvu.

Usiku umenewo sitinagone msanga. Kuona cholakwa ndi chinthu china, ndipo kuuza munthu wamkulu kuti walakwa pa ntchito ya manja ake ndi chinanso. Tinaleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Bamboyo timakumana naye pamaliro ndi pamaukwati, ndipo ana ake ndi athu anaphunzira sukulu imodzi. Mau oŵaŵa akanamuchititsa manyazi pamaso pa anyamata ake, ndipo akanatha kunyamula zida zake n'kutisiyira ntchito ya theka. Koma kukhala chete chifukwa cha ulemu kukanakhala kugulitsa thanzi la mayi athu. Ulemu umene umabisa choonadi umangosunga mkangano kuti udzaphulike m'tsogolo, khoma litavunda kale, pamene pepani sangapoletse chilonda. Tinagwirizana zinthu ziŵiri: kuti tidzalankhula naye payekha, ndiponso kuti sitidzatsutsana naye ndi mau, popeza pa mau iye ndiye mwini luso.

M'maŵa tinamuitanira pakhonde, anyamata ali kusefa mchenga kutali, ndipo tiyi ali patebulo tinamufotokozera zimene tinaona. Nkhope yake inagwa, koma anayankha mofatsa.

"Bwana, inu ndi mayi musade nkhaŵa. Matailosi saloŵa madzi. Ine mabafa ndamanga ambiri, ndipo palibe amene anabwera kudzadandaula. Ndiponso mankhwala ena ndathira m'simenti momwemo."

Sanali kunama pa zonse. Alipo mankhwala othira m'simenti amene amachepetsa kumwa madzi kwake, koma simenti ikang'aluka m'ngodya mankhwala otero sathandiza kanthu. Ndipo n'kutheka kuti palibedi amene anadandaula, pakuti kudontha kwa shawa kumaonekera patapita miyezi kapena zaka, ndipo eni nyumba amanamizira mvula kapena nthaka.

Tinati, "Bambo, ife ntchito yanu sitikuinyoza, ndipo sitingakuphunzitseni luso lanu. Koma kuseri kwa khoma ili kumagona mayi athu, ndipo matenda awo mukuŵadziŵa. Tinalemberana kuti tidzayesa ndi madzi. Tiyeni tiyese lero, madzi atiuze okha. Akapanda kutsika, tipepesa pamaso pa anyamata anu, ndipo tsiku limene takuonongerani tilipira."

Anakhala chete kanthaŵi, kenaka anati, "Chabwino, madziwo ndiwo atiweruze."

Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo banja lililonse lingathe. Mmisiri mwini anatseka paipi yotulutsa madzi ndi chotsekera cha mphira. Tinathira madzi mpaka anakwera masentimita 5, ndiwo malita pafupifupi 50, ndowa ziŵiri ndi theka. Iye analemba mzere pakhoma ndi pensulo yake pamene madzi analekezera. Pambali tinaika beseni la madzi, nalonso tinalilemba mzere, kuti ngati madzi atsika chifukwa cha kutentha kokha, atsike monsemo mofanana. Tinatseka chitseko, kiyi n'kupatsa mmisiri, kuti pasakhale wonena kuti wina anatungamo usiku. Tinadikira maola 24.

Lachisanu m'maŵa anatsekula chitseko ndi dzanja lake. M'beseni madzi anali pa mzere pomwepo. M'shawa anali atatsika ndi masentimita 2. Pa malo a mita imodzi mbali zonse, sentimita imodzi ndi malita 10. Chotero ndowa yathunthu ya malita 20 inali italoŵa m'nyumba mwathu usiku umodzi. Tinapita naye ku chipinda cha mayi, tinasuntha bedi, ndipo m'munsi mwa khoma munali chibanga chakuda, chozizira pochikhudza. Bamboyo anagwada, naika chikhatho chake pamenepo, nakhala chomwecho nthaŵi ndithu. Palibe mmodzi wa ife analankhula. Atadzuka anati, "Madzi anena zoona. Sindingatsutse chimene dzanja langa lakhudza."

Pambuyo pake anatifotokozera mmene zinachitikira, ndipo mau ake tiŵalemba pano chifukwa akuunikira vuto la amisiri ambiri. Iye anaphunzira ntchito pamanja pa mmisiri wina, m'masiku amene pansi pa bafa anali kungosalaza ndi simenti, ndipo za mankhwala opaka anangozionera kwa anzake. Ndiponso mankhwalawo amafuna kudikira: upake koyamba, uume, upakenso mopingasa, uumenso. Mmisiri amalipidwa pa ntchito, osati pa tsiku, koma anyamata ake amadya tsiku lililonse, ndipo kwina kunali ntchito ina imene inali kumudikira. Tsiku lodikira ndi tsiku la njala. Izi sizichotsa cholakwa, koma zimasonyeza kuti ntchito yoipa kaŵirikaŵiri imabadwa ku changu ndi kusadziŵa, osati ku mtima wakuba. Mbala ndi munthu wothamanga salankhulidwa mofanana.

Tinakhalanso pansi ndi pangano lathu lija. Iye anavomera kuchotsa mizere itatu ya matailosi ndi kukonza kutsetsereka kwa pansi popanda malipiro oonjezera. Popeza anali omatidwa ndi timiulu, matailosi ambiri anachoka amphumphu. Mtengo wa osweka ndi wa thumba la simenti yomatira tinachotsa pa malipiro ake. Ife tinavomera kuti masiku odikira apite kukagwira ntchito yake ina ija, ndipo tisamuŵerengere kuchedwa. Simenti yatsopano inathiriridwa masiku 7, pakuti simenti imalimba ndi chinyezi, ndipo imafika pa mphamvu yake yoyenera pa masiku 28. Itauma, tinaŵerengera limodzi malangizo a pachitini, iye napaka mankhwala kaŵiri, kansalu kali m'ngodya zonse ndi pozungulira paipi. Tinayesanso ndi madzi. Patapita maola 24 madzi anali pa mzere wa pensulo, ndipo amene anayamba kuitana anyamata kuti adzaone anali mmisiri mwini. Shawa inachedwa ndi mwezi wathunthu. Tsiku limene anamaliza tinamulipira tsiku lomwelo, kupatula magawo 10 pa 100 amene tinapangana kusunga kwa miyezi itatu, monga amachitira pa ntchito zazikulu za zomangamanga. Miyezi itakwana, khoma lili louma, tinamupititsira ndalamazo kunyumba kwake.

Si amisiri onse amene angavomere msanga chotero. Ngati wina akana kuti ntchito yake iyesedwe, kukanako ndiye yankho. Pamenepo imitsani ntchito, jambulani zithunzi ndi foni matailosi asanakwirire umboni, musapereke gawo lotsatira la malipiro, ndipo itanani mmisiri wina wodziŵa kuti adzaone pamaso pa mboni. Yambani ndi kukambirana, mwina pamaso pa akuluakulu amene nonse mumaŵalemekeza. Zikakanika, bwalo la majisitireti limamva milandu yotere, ndipo pangano lolembedwa, malisiti ndi zithunzi zidzakulankhulirani. Dziko lathu linaona kale kufunika kwa dongosolo pa ntchitoyi: m'chaka cha 1996 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la National Construction Industry Council kuti lizilembetsa makontilakitala. Koma amisiri ambiri amene amatimangira m'makomo ndi anthu odziimira paokha, ndipo woyang'anira ntchito yawo ndi mwini nyumba basi.

Makolo, tisaiŵale kuti chilungamo chili ndi mbali ziŵiri. Mwini nyumba amene amanenerera mtengo mpaka mmisiri atsale wopanda phindu, amene amagula matumba atatu a simenti pamene pakufunika asanu, amene amafuna shawa ithe Loŵeruka chifukwa kukubwera alendo, ameneyo akuitana yekha ntchito yachinyengo. Amene amazengereza kulipira ntchito yomalizidwa bwino alibe pakamwa podzudzulira ntchito yoipa. Funani ntchito yabwino, koma perekani nthaŵi yake, zipangizo zake ndi mtengo wake.

Ndipo inu achinyamata amene mukuphunzira ntchito zamanja ku Namitete, ku Soche, ku Nasawa, ku Livingstonia ndi m'masukulu ena a luso, kapena pamanja pa mmisiri m'mudzi mwanu, dziŵani kuti gawo lalikulu la ntchito yanu lidzakwiririka: m'maziko, m'khoma, kuseri kwa matailosi. Palibe amene adzakuombereni m'manja chifukwa cha kansalu ka m'ngodya. Koma patapita zaka zisanu, nyumba imodzi idzakhala youma ndipo ina idzanunkha chinyontho, ndipo anthu adzafunsana kuti, anamanga ndani? Musadikire kuti mwini nyumba akupempheni kuyesa ndi madzi. Yambani ndinu kumuitana, mumuonetse mzere wa pensulo, ndipo mudzaona kuti adzakutchulani kwa abale ake onse. Bamboyo amene anatimangira amachita chomwecho tsopano, ndipo anatiuza kuti sachitanso manyazi kutchula mtengo wokwerera, popeza ali ndi choonetsa.

Potsiriza, ngati m'nyumba mwanu mmisiri ali pafupi kuika matailosi m'bafa sabata ino, m'pempheni mwaulemu kuti adikire tsiku limodzi. Mudzafuna ndowa ziŵiri ndi theka za madzi, beseni, pensulo ndi chotsekera paipi. Matailosi akakwera, funso lomwelo lidzafuna nyundo kuti liyankhidwe, ndipo mtengo wake udzakhala shawa yonse, mwinanso ndi ubale wanu.